Chigoba cha Phala Loyamba

Amuna anga si akuno. Anafika ku Metangula ali mnyamata, atavala zoyera za asilikali apamadzi, kuchokera kugombe la nyanja yamchere, kuseri kwa Nampula. Tsiku loyamba kundilankhula ndinali pamsika ndi dengu la usipa. M'malo mofunsa mtengo, anandifunsa ngati anthu akuno sitichita manyazi kumatchula dziwe lopanda mchere kuti nyanja. Ndinawauza kuti akakwere bwato tsiku la mwera, akakabwerako amoyo tidzakambirane za dziwelo. Usipa anagula ndithu, ndipo chipongwe chimenechi takhala tikuponyerana mpaka tonse tamera imvi.

Titakwatirana anadzakhala kwathu ku Nkholongue, pamalo a mayi anga. Kuno mwamuna ndi mkamwini. Munda ndi wakuchikazi, ana ndi akuchikazi, ndipo nkhani zikuluzikulu za anawo amaweruza ndi amalume awo. Amuna anga zonsezi anazilandira osanyinyirika. Anaphunzira chilankhulo chathu, anazolowera kondowole, ndipo Lamulungu ankandiperekeza mpaka pakhomo la tchalitchi ngakhale iwo amapemphera kwina. Chinthu chimodzi chokha ndi chimene anakana kuti chiyende mwa chikwathu. Mwana aliyense wamagazi awo ankayenera kudyera phala lake loyamba m'chigoba cha nkhono ya kwawo.

Nkhono zake si izi zoyenda m'munda mvula ikagwa. Ndi zam'madzi, za zigoba ziwiri zotsekana ngati zikhatho, zimene amayi akwawoko amakumba mumchenga madzi a nyanja akabwerera m'mbuyo, monga amachitira tsiku ndi tsiku. Pabanja pawo, mwana akafika poyamba phala, wina amapita kugombe kukatola nkhono yamoyo. Nyama yake amadya, chigoba chimodzi n'kuchitsuka bwino, ndipo mwana amamwera m'menemo phala lothira kamchere. Akatero chigobacho amachisunga, chimakhala chake mpaka imfa. Cha wina sadyetsera wina. Nditafunsa tanthauzo lake anangoti, "Kuti nyanja imudziwe mwanayo." Sindinafunsenso, poti ndinaona kuti pamudzi ponse panalibe china chimene munthuyu akanaloza n'kunena kuti n'chake.

Chigoba cha mwana wathu woyamba, wamkazi, anabwera nacho okha apongozi anga. Anayenda pasitima ndi pamalole, n'kufika miyendo itatupa. Chilankhulo sitinkamvana. Atapuma anatsikira kunyanja, anatunga madzi m'manja, analawa, n'kuseka mpaka kugwira m'mimba. Pamenepo ndinadziwa kumene mwana wawo anatengera chipongwe. Chigobacho anachimasula pa mfundo ya kapulana, nsalu yawo ija. Chinali cholemera, chochindikala ngati mbale yadothi, mkati moyera, m'mphepete mofiirira. Mwanayo atayamba kumera mano ankachitafuna, ankachiponya pamwala wochapira, tsiku lina mbuzi inachiponda, koma sichinabenthuke. Za anyamata awiri otsatira zinabwera ndi anzawo akuntchito ochokera kutchuthi, zitangoponyedwa m'thumba limodzi ndi kokonati ndi nsomba zouma, ndipo zinafika zamphumphu. Zonse zitatu ndinaziika m'kadengu kopachika kudenga.

M'chipinda mwathu munalinso chitseko chopanda nyumba. Chinali cha mlombwa, chokhomedwa ndi mmisiri wa ku Lunho, ndipo chinayedzamira khoma zaka zambiri. Amuna anga ankati kwawo kulibe mtengo wotere, ndiye akadzapuma pantchito tidzanyamula chitsekochi n'kukamanga nyumba pagombe pamene mayi awo ankakumba nkhono. Ankachipaka mafuta ngati mwana. Ine, kunena zoona, sindinkafuna kupita. Manda a mayi anga ali kuno, munda wanga uli kuno, anzanga akwaya ali kuno. Koma ndikanakana bwanji, munthu atandikhalira kwathu moyo wake wonse? Madzi saiwala khwawa. Akayamba nkhani ya ulendo ndinkangoti, "Tidzaona," kwinaku ndikuyanika zovala pachitseko chawocho.

Amuna anga atapuma pantchito, mwana wathu wamkazi uja anali ndi pakati. Iwo anati tidikire mdzukulu abadwe, adye phala lake m'chigoba, kenako ife tinyamuke. Anabadwa mtsikana wamasaya, wolira ngati walipidwa. Agogo ake anamutcha mkazi wawo wamng'ono, ndipo ankandiuza kuti ine ukwati wanga watha, ndizilongedza.

Nthawi imeneyo apongozi anali atamwalira, ndiye ntchito yotumiza chigoba inagwera mlamu wanga, mchemwali wa amuna anga. Choyamba chinabwera ndi mphunzitsi wina wobwerera kutchuthi, chili m'kachitini. Titatsegula tinapeza tizidutswa. Amuna anga anatukwana msewu wochokera ku Lichinga, anatukwana shapa, timabasi tathu todzaza anthu ndi matumba, anatukwana ndi woyendetsa amene sanamuonepo. Chachiwiri mlamu anachikulunga m'nsalu n'kuchikwirira pakati pa mpunga. Chimenechi chinafika chamoyo. Koma pochitsuka m'beseni, amuna anga anangodina pang'ono ndi chala chachikulu, mphepete n'kubenthuka. Anaimba foni pomwepo. Ankalankhula chikwawo, ine ndinkangomva kukwera kwa mawu. Atadula anati, "Akuti ndi zomwe zilipo masiku ano. Bodza! Ulesi wamulowa. Akungotola zapafupi ndi nyumba, safuna kunyowetsa kapulana."

Mwana sadikira msewu. Kusikelo anamwino anali atanena kale kuti ayambe phala. Tikamadya ankatiyang'ana pakamwa, ankalanda chilichonse n'kuthamangitsira kukamwa, ndipo kulira kunawonjezeka. Mayi wake anandipeza ndikuviika chinangwa n'kundiuza kuti, "Amayi, mwanayu bere lokha silikumukwanira. Lankhulani nawo apapa." Akulu anga, amene ndi mwini mbumba kuchikazi pakati pa ife amayi, sanazungulire. Anati, "Mwanayu ndi wathu. Tisamugoneke ndi njala chifukwa cha chigoba cha mkamwini. Supuni zatha m'nyumba muno?" Ndinawayankha kuti mkamwini ameneyu anatifolerera nyumba, anatiikira maliro, ndipo pazaka zonsezi wapempha chinthu chimodzi. Ndinanena molimba, koma mumtima ndinkadziwa kuti akulu anga sakulakwa.

Ndinayesa njira yachidule. Ndinatsitsa kadengu kaja n'kuwaonetsa amuna anga chigoba cha mayi wa mwanayo. Ndinati, "Ichi si cha kwanu komwe? Mwana ndi mayi ake ndi munthu mmodzi." Anapukusa mutu. Anati chimenecho chili ndi mwini wake, nyanja inamudziwa kale, wamng'onoyu ayenera kudziwika payekha. Kenako anati apita okha akatole ndi manja awo, akamuonetse mchemwali wawo pamene mayi awo ankakumba. Ndinawauza kuti apite, koma mwezi watsopano ukaoneka iwo asanabwere, mwana adyera supuni. Anavomera, ananyamuka m'mawa mwake.

Ndinkawadziwa mmene amabwerera akachokera kwawo. Ankamveka asanaoneke, atasenza kokonati, akufunsa aliyense ngati dziwe lathu silinaphwe iwo kulibe. Ulendo uwu anafika masana, ine ndikusenda chinangwa pansi pa mtengo wa mango, ndipo ndinangoona chithunzithunzi chaima pambali panga. Anali ndi kathumba ka mchere kudzanja limodzi. Dzanja linalo linali pathumba la malaya, pachifuwa, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti linakhala pomwepo ulendo wonse.

Atamwa madzi anakhala pamphasa n'kutulutsa kamtolo ka thonje. Munali zigoba zitatu. Zinali za mtundu womwe uja, mkati moyera, m'mphepete mofiirira, koma zazing'ono, ndipo nditanyamula chimodzi sindinamve kulemera. Anandiuza kuti ndichiloze kudzuwa. Ndinaona chithunzithunzi cha chala changa kuseri kwake. Ndinakatenga chakale chija n'kuchiika pambali pake.

"Mayi, mchemwali wanga sananame," anatero. "Ndapita mpaka pamalo a mama penipeni. Ndakumba mpaka msana kuwawa. Izi ndiye zabwino mwa zonse zomwe ndapeza."

Anandifotokozera pang'onopang'ono, akuyang'ana pamphasa. Amayi amene kale ankadzaza dengu madzi asanakwerenso, tsopano amabwera ndi zongokwana ndiwo za tsiku limodzi. Matanthwe apansi pamadzi, amene amati ndi amoyo ndipo tinsomba timabisalamo, ena ayera, ena akungofumbutuka. Kumeneko anakumana ndi mnzawo wakale wakuntchito, amene masiku ano amayendetsa boti la anthu oyeza madzi. Iyeyo ndi amene anawauza zomwe amamva kwa anthuwo. Akuti utsi wonse wa dziko lapansi, wamagalimoto, wamafakitale, wamalasha, uli ndi mpweya umene sungokhala kumwamba. Nyanja yamchere imaumwa. Ikaumwa madzi amayamba kuwawasa pang'ono, ndipo m'madzi otero kankhono kakang'ono kamavutika kumanga chigoba chake. Kena kamafa kasanamange n'komwe, kena kamakula ndi chigoba chopyapyala. Nsomba zodya tinkhonoto nazonso zimasowa chakudya.

Ndinafunsa ngati madziwo anawalawa. Anati, "Ndalawa. Mchere ndi womwe uja. Lilime silingamve, mayi. Zimamva ndi nkhono." Anatinso ena kumeneko akuti vuto ndi kuchuluka kwa okumba, amene sadikira kuti nkhono zikule, ena akuti madzi atentha. Mnzawo uja anati mwina zonsezi zikugwirizana, ndipo iye sangalumbire kuti chachikulu n'chiti pagombe lawolo. Za kuwawasako ndinazimva mosavuta, chifukwa ndinadonthezerapo madzi a ndimu pakhonde lasimenti, ndipo banga lake lilipo mpaka lero. Chimene chinandikanika n'chakuti madzi ochuluka chotero, amene amuna anga ankati alibe tsidya, angasinthidwe ndi utsi. Kumudzi kwawoko kulibe fakitale, ngakhale galimoto imafika mwa apo ndi apo.

Ndinawamvera chisoni kwambiri. Munthu anapita kukatsutsa mchemwali wake, n'kukapeza kuti nyanja imene anatinyadira nayo moyo wake wonse ikudwala. Komabe chigoba chinali chitafika, mwezi usanaoneke. Tinagwirizana kuti mwana adya m'mawa mwake.

Kutacha mayi wa mwana anaphika phala losalala, lamadzimadzi. Akulu anga anabwera, ndi amayi ena apamudzi amene nkhani ya chigoba inali itawafika. Amuna anga anavala malaya oyera. Anasankha chachikulu mwa zitatu zija, anachitsuka mosamala ngati dzira, anatsina kamchere kakwawo n'kuthira m'phala. Mdzukulu anali pamiyendo ya mayi ake, akuponya manja, kukamwa kuli yasa. Anali ndi timano tiwiri tam'munsi, ndipo tonse tinkadziwa mmene amalumira.

Amuna anga anatunga phala, anauzira, n'kuyamba kulozetsa kwa mwana. Ali pakati anaima. Anabweza dzanja, anaika chigoba pamlomo pawo, n'kuchikanikiza pang'ono monga momwe mwana akanachitira. Tinamva kaphokoso kakang'ono. Atachichotsa, mphepete inali itabenthuka ndipo pamlomo pawo panali magazi. Analavulira kachidutswa m'dzanja n'kukayang'ana nthawi yaitali. Kanali kakuthwa ngati lumo.

Mwana anayamba kulira, poona phala lake labwerera panjira. Ine ndinaganiza kuti atenga chachiwiri, ndipo ndinali wokonzeka kuwagwira dzanja pamaso pa anthu. Koma anakulunga zonse m'thonje muja n'kuziika pambali. Anapukuta mlomo, anatembenukira kwa ine n'kufunsa motsitsa mawu, "Mayi, zanu zija zimapezeka pati?"

Pazaka zonse za ukwati wathu, aka kanali koyamba kuti andifunse kanthu za nyanja yathu ngati munthu wofuna kuphunzira. Nkhono za zigoba ziwiri tili nazo kunonso, zakuda kunja, zimene timapalira miphika ndi mamba a nsomba. Ankaziona ndikugwiritsa ntchito, koma ankazitcha zoseweretsa. Ndinauza mwana wathu kuti amuyamwitse kaye wolirayo, n'kuwatsogolera amuna anga kumathiriro a kamtsinje kathu, kumene mchenga umasakanikirana ndi matope. Ndinawaonetsa kuti kuno sitidikira madzi kubwerera, chifukwa sabwerera. Timalowa mpaka m'mawondo n'kumafufuza ndi zala zakumapazi. Analowa ndi malaya oyera aja. Msilikali wapamadzi wopuma pantchito ankadzandira m'matope ngati mwana wophunzira kuyenda, ndipo tsiku lina lililonse ndikanawaseka mpaka misozi. Ine ndinaiponda yoyamba koma sindinanene. Ndinangosuntha, kuti aipeze okha.

Ataitulutsa anaitsegula ndi mpeni, anadina mphepete ndi chala chachikulu, anadinanso mwamphamvu. Sinabenthuke. Nyama yake ife sitiikonda, koma iwo anaiotcha pamakala n'kudya monga mwa mwambo wawo, nkhope itakwinyika. Chigoba tinachiwiritsa, tinachipala mphepete pamwala mpaka kusalala. Phala linali litazizira, tinatenthetsanso. Anamudyetsa okha mkazi wawo wamng'onoyo. Anamwa, analuma chigoba ndi timano take, analanda n'kuchimenyetsa pansi, n'kutsegulanso kukamwa. Akulu anga anati, "Alamu, mchere ndi wakwanu. Nyanja yanu imudziwa ndi umenewo." Amuna anga anagwedeza mutu.

Patapita masabata angapo ndinabwera kuchokera kumunda n'kupeza chitseko chathu chakale chili pansi, iwo ndi mmisiri akukhoma cha mlombwa chija pakhomo la nyumba yathu. Chinali chachikulu pang'ono, moti anachita kugumula njerwa. Ndinafunsa kuti nanga ulendo uja. Anati mchemwali wawo nayenso akuganiza zotsatira ana ake kutauni, ndiye iwo akapite kukadya chiyani, kukakhala ndi yani. "Pulonto, basi zatha, mayi, mwapambana," anatero akumwetulira. Zimene ndinkapempherera mobisa zaka zonse zinali zitachitika, koma sindinakondwe. Ndinkafuna kuti akhale kuno chifukwa chokonda kuno, kwawo kuli bwinobwino, koti n'kumakunyadira ndi kumatinyozera. Ndinalowa m'nyumba kudzera pachitseko chokongolacho, n'kukalirira kuchipinda.

M'kadengu kakudenga muli zigoba zitatu zakale, chakuda cha mdzukulu, ndi kamtolo ka thonje. Anandipempha kuti zopyapyala zija ndisataye, mwanayo akadzakula adzaone kuti agogo ake anapita. Mawu akuti dziwe sanawatchulenso. Ndimayesa kuwaputa mwera ukalusa, ndimati, "Taonani dziwe lanu lija lero," koma amangoseka pang'ono n'kupitiriza kusoka ukonde wa mwana wathu wamwamuna.

M'chilimwe anthu akamatentha tchire, utsi umaphimba mapiri n'kutsikira pamadzi, moti mabwato amaoneka ngati akuyandama m'mwamba. Chaka chimenecho, utsi uli tolo, amuna anga anandifunsa akuyang'ana nyanja yathu kuti, "Kodi iyinso imamwa?" Ndinati sindikudziwa, ndipo mpaka lero sindidziwa. Kuyambira pamenepo, ndikamapita kumathiriro kukachapa amanditsatira. Amapinda buluku, amalowa m'matope, amafufuza ndi mapazi mpaka atapeza nkhono imodzi. Saitsegula. Amangoipukuta, amadina mphepete ndi chala chachikulu, kenako amaibwezera m'madzi. Sinabenthukepo. Koma nthawi iliyonse ine ndimasiya kuchapa, sopo ali m'manja, n'kumayang'ana chala chawocho mpaka atachichotsa.